Matope a pansi pa chigubu: nkhani ya giliserini ndi nkhoswe zake

Kumapeto kwa mwezi wa Julaye, pamene mpendadzuwa unali utauma ndipo makina oyengera mafuta anali kulira usana wonse m'misika ya pa Petauke ndi pa Nyimba, mmodzi wa anzathu amene anaphunzira pano zaka zapitazo anatulukira ndi botolo m'thumba la jekete. M'botolomo munali zinthu ziwiri zosasakanikirana. Pamwamba panali madzi oyera a mtundu wa uchi, pansi panali zinthu zolemera, zakuda, zonanda ngati manyuchi. Mkuluyu ali ndi makina oyengera pafupi ndi msewu wa Great East Road, ndipo anayesa kupanga dizilo kuchokera ku mafuta otsala kwa amayi okazinga vitumbuwa. Za pamwambazo zinayendetsa injini ya chigayo bwinobwino. Za pansizo zinali zitadzaza kale zigubu ziwiri za malita 20.

"Aphunzitsi," anatero, "ndipatse nkhumba, ndithire m'dimba, kapena ndisunge? Mphwanga wawerenga pa foni kuti ku Brazil zimenezi amazisandutsa mankhwala odula."

Mphwakeyo sananame. Koma pakati pa chigubu cha ku Nyimba ndi fakitale ya ku Brazil pali mtunda umene tiyenera kuuyenda pang'onopang'ono, chifukwa munthu akaudumpha angathe kutaya ndalama, ziweto, ngakhale maso ake.

Chimene chili m'chigubumo

Mafuta onse a mbewu, kaya a mpendadzuwa, a nshawa, a soya kapena a njere za thonje, anamangidwa mofanana. Kachidutswa kalikonse ka mafuta kali ngati kamtengo kafupi kokhala ndi manja atatu, ndipo dzanja lililonse lagwira mchira wautali. Michira itatuyo ndiyo imayaka mu injini, ndiyonso imasanduka sopo. Kamtengoko ndiye giliserini, yemwe uja amayi amagula m'timabotolo nthawi yozizira kuti khungu lisang'ambike. Wopanga sopo akathira soda wa kositiki, sodayo amadula michira ija n'kuisandutsa sopo, giliserini n'kutsala yekha. Wopanga dizilo amathira methanolo ndi soda pang'ono. Michira imasiya kamtengo n'kukagwirana ndi methanolo, ndipo giliserini, popeza ndi wolemera, amatsikira pansi. Pa makilogalamu 100 alionse a dizilo wotere pamatuluka makilogalamu pafupifupi 10 a giliserini, ndipo palibe luso limene lingachepetse muyeso umenewo, chifukwa unachokera m'kapangidwe ka mafutawo.

Amene anayamba kumupatula anali Carl Wilhelm Scheele, wosakaniza mankhwala wa ku Sweden, m'chaka cha 1779, atatenthetsa mafuta a azitona pamodzi ndi mankhwala a mtovu. Dzinalo linachokera ku liwu la Chigiriki lotanthauza kutsekemera. Alfred Nobel atapanga dainamaiti mu 1867, giliserini anakhala katundu wofunidwa kwambiri, mpaka m'zaka za m'ma 1900 mafakitale anayamba kumupanga kuchokera ku mafuta a pansi pa nthaka. Zinthu zinatembenuka zaka za m'ma 2000, pamene maiko a ku Ulaya, America ndi Brazil anayamba kupanga dizilo wa mbewu wochuluka. Giliserini anasefukira pa msika, mtengo unagwa, ndipo ena mwa mafakitale akale aja anatseka. Kuyambira pamenepo akatswiri akhala akufunsa funso lomwe lija la mnzathu wa ku Nyimba, kungoti iwo amafunsa za matani zikwizikwi.

Kwathu kuno nkhani ya dizilo wa mbewu ambiri amaikumbukira ndi mtima wowawa. Zaka za pakati pa 2005 ndi 2010 makampani anagawa mbande za jatrofa m'zigawo zingapo za Zambia, alimi anabzala m'malire mwa minda, ndipo mitengo itayamba kubereka ogula ambiri anali atapita. Mu 2011 boma linalengeza miyeso yosakanizira, magawo 5 pa 100 a dizilo wa mbewu ndi magawo 10 pa 100 a ethanolo mu petulo. M'misonkhano ya masiku amenewo munkamveka za mtengo wa njere ndi za malita a mafuta. Za matope otsala pansi pa mgolo sizinkatchulidwa, ngakhale kuti ndiwo gawo limodzi mwa magawo 10 a ntchito yonse.

Manja atatu ndi mphete ziwiri

Giliserini wosasintha sangalowe mu injini. Ndi wonanda, amakonda madzi, sasakanikirana ndi petulo kapena dizilo, ndipo amawira pa madigiri 290. Zonsezi zimachokera ku manja atatu aja, amene akakhala opanda chogwira amakakamirana okhaokha ndiponso amakoka madzi. Nzeru yake ndi kuwapatsa chogwira.

Chimodzi mwa zinthu zimene angagwire ndi asetoni, madzi onunkhira mwamphamvu aja ochotsera utoto wa m'zikhadabo. Kachidutswa ka asetoni kali ndi malo amodzi amene manja awiri angagwirepo pamodzi. Manja awiri a giliserini akagwira pamenepo, mphete imatsekeka, kadontho ka madzi kamatuluka, ndipo dzanja lachitatu limatsala lomasuka. Mphete zotere zimatchedwa maketali. Chotulukapo, chimene chimadziwika ndi dzina loti solketal, n'chopyapyala, chimawira pa madigiri pafupifupi 189, ndipo chimalolana ndi madzi komanso ndi mafuta ambiri. Masamu ake ndi awa: makilogalamu 92 a giliserini ndi 58 a asetoni amapereka makilogalamu 132 a solketal ndi 18 a madzi. Emil Fischer wa ku Germany anachipanga kale mu 1895. Mu 2010 gulu la Claudio Mota pa yunivesite ya boma ya ku Rio de Janeiro linasonyeza kuti solketal pang'ono mu petulo amakweza mphamvu yake ya okiteni ndipo amachepetsa utomoni umene umapangika petulo akakhalitsa.

Apa ndiye pali pokoma nkhani. Manja a giliserini ali pa mzere: lina kumapeto kuno, lina pakati, lina kumapeto uko. Ngati agwira ndi manja oyandikana, la kumapeto ndi la pakati, mphete imakhala ya maatomu 5. Ngati agwira ndi manja a kumapeto onse awiri, kulumpha la pakati, mphete imakhala ya maatomu 6. Zopangira n'zomwezo, kulemera n'komweko, koma zinthu ziwirizi n'zosiyana, ndipo kuzilekanitsa zitasakanikirana ndi ntchito yodya ndalama.

N'chifukwa chake akatswiri amayesa zinthu ziwiri, osati chimodzi. Aliyense amene anatongolapo nshawa ndi makina akudziwa kusiyana kwake. Funso loyamba ndi lakuti matumba angati atongoledwa. Lachiwiri ndi lakuti mwa nshawa zotongoledwazo, zingati zatuluka zathunthu ndipo zingati zasweka. Makina amene amaliza matumba onse koma aswa theka sanakuthandizeni, pakuti wogula amalipira zathunthu. Chimodzimodzi pano: choyamba ndi kuchuluka kwa giliserini amene wasintha, chachiwiri ndi kuchuluka kwa amene wasanduka chinthu chimene munkafunacho.

Ndi asetoni, zotsatira zake zimapendekera mbali imodzi modabwitsa: pa mphete 100, pafupifupi 98 kapena kuposa zimakhala za maatomu 5. Chifukwa chake ndi malo. Asetoni ali ndi timagulu tiwiri ta maatomu totuluka m'mbali ngati nyanga. Mphete ya maatomu 6 siikhala yafulati, imapindika ngati mpando, ndipo ikapindika choncho nyanga imodzi imakakamizika kuloza kumene kuli kale maatomu ena a mpheteyo, n'kumagundana nawo. Amene anamangapo ng'ombe ziwiri za nyanga zotambalala pa goli lalifupi akudziwa mmene zimakhalira. Mu mphete ya maatomu 5 nyangazo zimapeza mpata, ndiponso manja oyandikana amafika msanga.

Mukachotsa asetoni n'kuikapo fomalini, mankhwala aja osungira mitembo, nkhani imasintha. Kachidutswa kake kalibe nyanga, kotero mphete ya maatomu 6 imakhala mosavutika. Chotulukapo chimakhala chosakanikirana, ndipo chogulitsidwa pa msika chimakhala ndi magawo pafupifupi 60 a mphete yaikulu ndi 40 a yaing'ono. Dzina lake ndi glycerol formal, ndipo ambiri mwa inu munachigwirapo kale osadziwa. Tengani botolo la jekeseni wa Ivomec amene mumabaya ng'ombe ndi nkhumba pofuna kupha njoka za m'mimba ndi nthata za mphere. Mankhwala enieni, ivermectin, ndi gawo limodzi lokha pa 100. Magawo 40 ndi glycerol formal, amene ntchito yake ndi kusungunula mankhwalawo, popeza ivermectin salolana ndi madzi. Mphete zimene tikukambazi zimalowa pansi pa chikopa cha ng'ombe za ku Petauke chaka ndi chaka.

Nkhoswe

Mukathira giliserini ndi asetoni m'botolo limodzi n'kulisiya pa shelefu, palibe chooneka chimene chidzachitike. Poyamba sasakanikirana n'komwe. Pamafunika wachitatu wowakumanitsa, amene akatswiri amamutcha katalisiti, dzina lochokera ku liwu limene Jöns Jacob Berzelius anayambitsa mu 1835. Ife tingamutche nkhoswe. Amabweretsa mbali ziwiri pamodzi, amafewetsa nkhani, koma iye salowa m'banjamo, ndipo mawa amakakhalanso pa ukwati wina. Chimera mu thobwa ndi mizu ya munkoyo zili ndi nkhoswe za mtundu womwewu, zimene zimadula phala lolimba kuti lisungunuke ndi kutsekemera. Feteleza wa yuriya amayambira pa nkhoswe ya chitsulo imene imagwirizanitsa mpweya wa nayitirojeni ndi wa haidirojeni.

Nkhoswe ya giliserini ndi asetoni ndi asidi. Amabwereka asetoni kachidutswa kakang'ono kamene kamachititsa malo ogwirapo aja kukhala okonzeka kulandira dzanja. Mphete ikatsekeka, kachidutswako kamabwerera kwa mwini wake. Koma pali chinthu chimodzi chimene otsatsa malonda sakonda kunena, ndipo nkhoswe zenizeni zimachidziwa bwino: nkhoswe imafulumizitsa nkhani, siisintha chikhalidwe cha okwatiranawo. Magawo 98 aja ndi ntchito ya nyanga za asetoni kwambiri kuposa nzeru za asidi. Pamene nkhoswe ili ndi mawu ochuluka ndi pa zinthu za mtundu wa fomalini. Kumeneko mphete yaing'ono imayamba kupangika chifukwa ndi yachangu, kenako, nthawi ikamapita asidi ali pomwepo, ina imamasuka n'kutsekekanso ngati yaikulu, imene ndi yokhazikika. Muyeso wa ziwirizo umadalira nthawi imene mwaimitsa ntchito, kutentha, ndi mtundu wa asidi.

Asidi wamadzi, monga wa salifa uja wa m'batire ya galimoto, ndi wotchipa ndiponso wachangu. Vuto lake amadya zitsulo, ndipo ntchito ikatha sangatoledwe. Muyenera kumupha ndi soda, mutsale ndi madzi a mchere ofuna kotayira, mawa mugulenso wina. Nkhoswe yofera pa ukwati uliwonse ndi yodula ngakhale itakhala yotchipa pogula.

Choncho kafukufuku wambiri wa zaka 20 zapitazi wakhala pa asidi wolimba, amene angasefedwe n'kugwiritsidwanso ntchito. Pali timikanda ta pulasitiki tonga njere za mawere totchedwa Amberlyst-15, tamphamvu ndithu koma tosapirira kutentha kopitirira madigiri 120. Pali dongo lotsukidwa ndi asidi. Pali makala a zotsalira za mbewu ophikidwa mu asidi wa salifa, amene mwa zonsezi ndi okhawo amene zopangira zake zili mbwee kwathu. Ndipo pali miyala ya zeolite, yodzaza ndi timabowo tosaoneka ndi maso, mmene asidi amakhala mkati. Pa zeolite kukula kwa bowo ndi nkhani yaikulu, monga pa sefa. Mtundu wa ZSM-5 uli ndi mabowo opapatiza, kotero mphete ikapangika imavutika kutuluka ndipo ntchito imayenda mochedwa. Mtundu wa Beta uli ndi mabowo otakasuka ndipo umachita bwino kwambiri.

Mdani wa onsewa ndi madzi, ndipo choseketsa n'chakuti ntchitoyo imadzipangira yokha mdani wakeyo, makilogalamu 18 aja. Madzi akachuluka amazinga malo a asidi n'kuwafooketsa, ndiponso amayamba kumasula mphete kubwerera ku giliserini ndi asetoni, chifukwa njira imeneyi ndi yopita ndi kubwera. Mafakitale amathira asetoni wochuluka kangapo kuposa wofunikira kuti akankhire ntchito kutsogolo, n'kumubweza pambuyo pake, kapena amachotsa madziwo pamene akupangika. Mu 2009 gulu la Mota lomwe lija linaonetsa kuti zeolite ya Beta yokhala ndi silika wambiri imakana madzi m'mabowo mwake monga nthenga za bakha, ndipo inapambana nkhoswe zina pa ntchito ya fomalini, imene imabwera ili kale m'madzi.

Kubwerera ku Nyimba

Tsopano tiyang'anenso botolo lija. Za pansizo si giliserini yekha. Muli methanolo wotsala, sopo, madzi, ndi soda amene anagwira ntchito ya unkhoswe popanga dizilo. Soda ali m'gulu la chidulo, ndipo chidulo ndi asidi zimaphana. Mukathira timikanda todula tija m'matope amenewa, soda amatifooketsa nthawi yomweyo, ndipo mchere wake umakhala pa malo pomwe asidi anali. Giliserini ayenera kuyeretsedwa kaye: kupha soda, kupatula sopo, kuchotsa methanolo ndi madzi, nthawi zambiri ndi kutcheza m'makina ochotsa mpweya. Asetoni amachokera kunja kwa dziko, amapangidwa kuchokera ku mafuta a pansi pa nthaka, amayaka ndi kamoto kakang'ono, ndipo amawira pa madigiri 56. M'chigwa cha Luangwa mwezi wa Okutobala, chigubu chosatseka bwino chingathe kuuma chokha. Kampani ya Solvay imapangadi solketal ku Paulínia m'dziko la Brazil ndi kumugulitsa pa dzina la Augeo kwa opanga mankhwala otsukira ndi onunkhiritsa m'nyumba, koma imatero pakati pa mafakitale a dizilo wa soya otulutsa giliserini pa matanki.

Kunena mosapsatira, solketal si ntchito ya pa famu, ngakhale ya kopaletivu ya m'boma limodzi. Wina akadzabwera ndi nkhani yoti mugule makina osandutsa matope anu kukhala mankhwala a petulo, mufunseni kumene asetoni adzachokere, amene adzayeretse giliserini, ndi dzina la wogula. Akadzabweranso a mbande za mafuta, funso loti matope adzapita kuti lifunsidwe tsiku loyamba.

Zimene mnzathuyo angachite ndi zigubu zake ndi zochepa, ndipo zimayamba ndi zoletsa. Choopsa kwambiri ndi methanolo. Ndi poizoni wochititsa khungu ndi kupha, amalowa pomwa, popuma ndiponso kudzera pa khungu la thupi. Matopewo ndi otsekemera, kotero mwana, galu kapena nkhumba sizingawakane. Asaikidwe m'botolo la zakumwa, ndipo asadzoledwe, ngakhale dzina lake likufanana ndi la giliserini wa m'sitolo. Ku maiko ena amasakaniza giliserini m'zakudya za ng'ombe, koma amakhala woyesedwa mu labotale kuti methanolo watsika kufika pa muyeso wololedwa, ndipo ife chida choyesera tilibe. Wochokera ku jatrofa asayandikire chodyera cha chiweto chilichonse, chifukwa njere zake zili ndi poizoni wakewake.

Asatenthedwenso pa mbaula. Giliserini akapsa ndi moto wochepa amatulutsa utsi wa acrolein, uja umalasa m'maso mafuta akapserera m'chiwaya, ndipo wochuluka umawononga mapapo. Asathiridwe mu mtsinje, m'dambo kapena pafupi ndi dziwe la nsomba, pakuti tizilombo tomudya timamaliza mpweya wa m'madzi nsomba n'kufa.

Chotsala ndi ichi. Matopewo atsanulidwe m'beseni lotambalala, pa malo a mthunzi opita mphepo, otchingidwa ndi waya, kutali ndi moto ndi ana, kwa milungu ingapo kuti methanolo wambiri auluke. Akatero amapanga sopo wabwino wotsukira girisi m'manja, makina ndi simenti, ngakhale si wosambira. Amene ali ndi dzenje la gasi wa ndowe angathiremo pang'ono kwambiri, ngati gawo limodzi pa 100 a ndowe, ndipo gasi amachuluka. Mukapyola muyeso dzenje limasasa n'kuleka kugwira ntchito. Pa mulu wa manyowa angalowe atasungunulidwa ndi madzi ambiri, koma apa mtundu wa soda ndi wofunika. Soda wa kositiki amasiya sodiamu amene amaumitsa nthaka, pamene potashi wa kositiki amasiya potaziyamu, chakudya cha mbewu chimene nthochi za ku Nyimba zimafuna chochuluka. Amene akufuna kupitiriza kupanga dizilo angachite bwino kusinthira ku potashi pa chifukwa chimenechi chokha.

Pa mafuta abwino a mpendadzuwa, ine sindiona chifukwa chowasandutsira dizilo pamene saladi ali ndi msika pa khomo pomwepo. Kuyambira masiku a makina a manja a Yenga, amene bungwe la Africare linafalitsa m'zaka za m'ma 1990, phindu la mpendadzuwa kuno lakhala mu botolo la saladi ndi m'keke yodyetsa ziweto. Ndipo magulu a amayi opanga sopo wosaphika ali kale ndi njira yogulitsira giliserini imene sifuna asetoni kapena zeolite. Mafakitale akuluakulu amamuchotsa mu sopo kuti akamugulitse payekha, koma mu sopo wosaphika amatsala momwemo, ndipo ndiye amachititsa kuti sopoyo asaumitse khungu. Zimenezi n'zoyenera kulembedwa pa pepala lokulungira.

Mnzathu uja anabwerera ku Nyimba madzulo omwewo atalemba mawu oti POIZONI pa mapepala awiri okamata pa zigubu. Akuti ayamba ndi sopo wotsukira makina ake oyengera. Botolo anatisiyira, ndipo lili pa shelefu ya pamwamba m'chipinda chosungira zida, lotseka ndi lolembedwa, kuti ophunzira a chaka chino adzaone mzere wolekanitsa dizilo ndi giliserini tikadzafika pa phunziro la mbewu za mafuta.